Nchito za Manja: Ndodo ya Pool Iyambira pa Mtengo Wouma Bwino

Masewera a pa thebulo a mipira ndi ndodo, monga snooker ndi pool, kale anali a m'mahotela ndi m'makalabu a m'matauni, koma tsopano afika ndi ku midzi komwe. Pa misika ya m'mbali mwa msewu waukulu wa kum'mawa, ku Nyimba, ku Petauke, ku Katete mpaka ku Chipata, si cacilendo kupeza thebulo la pool pansi pa kakhumbi ka malata, pafupi ndi golosale kapena cigayo, anyamata atalizinga madzulo ataweruka ku minda. Mwini thebulo amapezapo ndalama ya mcere ndi sopo. Koma dandaulo lake kawiri-kawiri ndi limodzi: ndodo zosewerera sizikhalitsa. Zambiri zimacokera kunja kwa dziko, maka-maka ku China, ndipo imodzi ikathyoka kapena kukhota, mwiniwake ayenera kulipira basi kupita ku tauni kukafuna ina.

Anyamata ena ophunzira ukalipentala aona kuti pamenepa pali nchito, ndipo aona bwino. Cimene cimawagwetsa ndi kufulumira. Poganiza kuti ndodo ya pool ndi kamtengo koonda cabe, amagula pulanga kwa oceka matabwa, kuliceka, kulipala masiku awiri, kupaka vanishi ndi kugulitsa. Tsiku loyamba ndodoyo imaoneka yokongola. Pakapita mwezi umodzi yakhota ngati uta, wogula wabwera kudzafuna ndalama zake, ndipo mbiri yamveka pa msika ponse kuti mmisiri uja sadziwa nchito. Pa mudzi mbiri yotere sifafanizika msanga, ndipo imaononga ndi malonda a mipando ndi zitseko omwe.

Kupala ndodo ndi nchito ya masiku owerengeka. Kusankha mtengo wake ndi kuumitsa mtengowo ndi nchito ya caka cathunthu kapena kupitirira, ndipo pamenepo ndiye pagona kuongoka kwa ndodo.

NDODO IMENE IFUNIKA

Poyamba wophunzira adziwe cinthu cimene afuna kupanga. Ndodo ya pool ili ndi zigawo ziwiri. Ca kumbuyo ndico cigwiriro, conenepa ndi colemera. Ca kutsogolo ndi coonda, cimene cimatsetsereka pa zala za wosewera ndi kukantha mpira. Cigawo ca kutsogoloci ndico cimavuta, pakuti ciyenera kukhala coongoka ngati muvi, cosalala, colimba kuti cisamatoboke cikagunda m'mphepete mwa thebulo, ndiponso cotha kupinda pang'ono ndi kubwerera m'malo mwake.

Utali wa ndodo yonse ndi mainchi 57 kapena 58, ndiye kuti masentimita 145 mpaka 147. Ya zigawo ziwiri zomanga ndi citsulo pakati, ca kutsogolo cimakhala mainchi 29. Kumbuyo imanenepa pafupifupi mamilimita 30. Kunsonga kumadalira mtundu wa masewera. Pool ya Cingerezi, ya mipira yaing'ono yofiira ndi yacikasu, imafuna nsonga ya mamilimita 8 mpaka 9 ndi theka, pamene pool ya ku America, ya mipira yaikulu, imafuna nsonga ya mamilimita pafupifupi 13. Kulemera kwake kumakhala magalamu 480 mpaka 600. Canzeru ndi kupempha ndodo yothyoka kwa mwini thebulo ndi kuipima bwino-bwino, kuti yatsopano ifanane ndi imene osewera a pamenepo anazolowera.

Kacikopa ka kunsonga kanayamba kufala kuciyambi kwa zaka za m'ma 1800, ndipo amene amachulidwa kuti anakayambitsa ndi François Mingaud, msilikali wa ku France. Kucokera nthawi imeneyo osewera anayamba kumenya mpira cam'mbali kapena cam'munsi kuti uzungulire monga afunira. Luso lotere silitheka ndi ndodo yokhota, pakuti diso limaloza kwina, nsonga nkupita kwina.

MITENGO IMENE AKATSWIRI AMASANKHA

Amisiri a ndodo a m'maiko a kunja anakhazikika pa mitengo iwiri. Ku America amagwiritsa nchito maple wolimba, mtengo wa m'nkhalango zozizira za kumpoto cakum'mawa kwa United States ndi ku Canada, umene tsamba la mtundu wake lili pa mbendera ya Canada. Thabwa lake ndi loyera, la timabowo tating'ono kwambiri, motero limasalala ngati galasi. Ku England amakonda ash, mtengo umene anthu a kumeneko akhala akusemera mipini kuyambira kale kaamba ka kusathyoka msanga. Mizere yake imaoneka ngati mitu ya mivi yolozera kutsogolo, ndipo osewera snooker ambiri amakonda kuyang'ana mizereyo poloza mpira.

Mitengo iwiriyi ifanana pa zinthu zitatu: thunthu lake limakula moongoka, thabwa lake ndi lolimba, ndipo kulemera kwake ndi kwapakati. Thabwa louma lokwana mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi m'mwamba limalemera makilogalamu pafupifupi 700 likakhala la maple, ndi pafupifupi 680 likakhala la ash.

Ngakhale kumeneko mtengo wabwino wayamba kusowa. Mu 2002 kacirombo koboola mitengo ya ash kanapezeka ku Michigan, ndipo mu 2012 matenda oumitsa mtengo womwewo anapezeka ku Britain. Makampani ena amamata timizere ta maple tambiri pamodzi kuti cigawo ca kutsogolo cisakhote, ndipo mu 2016 kampani ya Predator inatulutsa ca carbon fibre, copanda mtengo konse. Zonsezi zionetsa kuti vuto la kukhota limasautsa ndi akatswiri omwe.

MITENGO YA MUNO

Maple ndi ash sizimera m'nkhalango za Zambia, conco wophunzira ayenera kufuna mtengo wa makhalidwe oyandikira. Paini amapezeka mosavuta, pakuti ndi woculuka m'minda ya mitengo ya ZAFFICO ku Copperbelt, koma ndi wofewa ndipo cikhadabo cokha cimasiyapo cizindikiro. Malaina nayenso ndi wopepuka ndi wofewa. Bulugamu ndi wolimba, koma amakula ali ndi mphamvu yokokana mkati mwake, motero akangocekedwa amapotoka ndi kung'aluka. Mbawa ndi wabwino pa mipando, koma mitsempha yake kawiri-kawiri imakhala yolukana, yovuta kupala moongoka. Paini ndi malaina angathandize cabe pophunzirira kagwiridwe ka puleni.

Umene uli pafupi ndi mlombwa, wochedwanso mukwa. Umalemera makilogalamu pafupifupi 600 pa muyeso uja, kulimba kwake kuli pafupi ndi kwa maple, ndipo uli ndi mwai umodzi waukulu: sufota kwambiri pouma. Maple amafota magawo pafupifupi 10 pa 100 alionse m'lifupi mwake pocoka pa uwisi kufika pa kuuma kotheratu, koma mlombwa sufika ngakhale magawo 3. Ndico cifukwa cake zitseko ndi mawindo a mlombwa amakhala zaka zambiri osapindika. Kuipa kwake ndi kwakuti uli ndi timabowo tooneka, tofunika kutsekedwa ndi mafuta ndi phula, ndiponso mapulanga ake ambiri ali ndi mitsempha yokhotakhota. Wofuna ndodo ayenera kutembenuza mapulanga ambiri asanapeze limodzi loyenera.

Mitengo yolemera monga mukusi wa ku cigawo ca kumadzulo, mupani wa m'cigwa ca Luangwa ndi phingo ndi ya ku cigwiriro. Mukusi umalemera pafupifupi makilogalamu 900, pamene mupani ndi phingo zimapitirira 1,000 ndipo zimamira m'madzi. Ndodo yathunthu ya mlombwa wokha imalemera magalamu pafupifupi 300 cabe, conco kulemera kotsalako kuyenera kucokera ku mtengo wolemera womatidwa kumbuyo ndi kacitsulo kobisika m'kati mwa cigwiriro. Mtengo wolemera ukaikidwa kutsogolo, ndodo imalemera kumutu ndipo imakankhira mpira kumbali.

KUSANKHA THABWA

Mtengo ulionse uli ndi mitsempha yoyenda m'litali mwake, monga mmene zilili mu nzimbe kapena nsungwi. Ndodo yabwino ndi imene mitsempha yake yayenda kucokera ku cigwiriro kufika kunsonga popanda kutulukira m'mbali. Sowo sadziwa zimenezi. Amangodula molunjika ngakhale mitsempha yakhota. Ici ndico cifukwa pulanga looneka loongoka lingathe kubala ndodo yokhota. Wophunzira ayang'ane mbali zonse zinai za thabwa ndi kutsata mzere umodzi ndi cala. Ukathera m'mbali usanafike kumapeto, thabwalo ndi la nchito ina.

Akuluakulu osema mipini, mauta ndi mikondo anadziwa kale njira yoposa sowo, ndiyo kung'amba cipika ndi nkhwangwa ndi mphero. Mtengo umang'ambika motsata mitsempha yake, motero cidutswa cong'ambidwa cimaulula cokha ngati ndi coongoka kapena copotoka. Wopanga ndodo amene ali ndi cipika acite cimodzimodzi, ndipo sowo ndi puleni zibwere pambuyo.

Pali malo ena m'mtengo oyenera kupewa. Pakatikati penipeni pa cipika, pamene mtengo unayambira uli waung'ono, pamang'aluka ndipo thabwa la pafupi napo limakhota. Mbali yoyera ya kunja, ya pafupi ndi khungwa, ndi yofewa ndipo imafumbwa. Wofunika ndi mtima wofiirira. Nthambi, ngakhale ionekedi yoongoka, ndiponso thunthu limene linakula mopendeka m'mbali mwa phiri kapena mwa mtsinje, zili ndi mbali imodzi yokokana kuposa inzake, ndipo zikauma zimapinda m'litali. Mtengo umene khungwa lake lazungulira ngati cingwe copota ndi wopota ndi mkati momwe. Mfundo, ngakhale yaing'ono ngati njere ya mapira, imapatutsa mitsempha ndipo ndi pamene ndodo idzathyokera.

Khutu nalo limathandiza. Cidutswa couma cikagwetsedwa coimirira pa simenti, cabwino cimalira momveka ngati limba. Cimene cili ndi mng'alu wobisika kapena coola mkati cimalira mogonthera.

MADZI A M'KATI MWA MTENGO

Mtengo wauwisi uli ndi madzi ambiri, nthawi zina olemera mofanana ndi mtengo weniweniwo. Madzi ena amakhala m'timipata ta m'kati, ndipo akamacoka thabwa limangopepuka osasintha msinkhu. Ena amakhala m'mitsempha momwe. Amenewa amayamba kucoka pamene cinyezi catsika kufika pa magawo pafupifupi 30 pa 100, ndipo apo ndiye thabwa limayamba kufota. Silifota mofanana mbali zonse. Motsata mikombero ya zaka imene imaoneka pa citsa limafota pafupifupi kawiri kuposa kucokera pakati kupita ku khungwa, ndipo m'litali limafota pang'ono kwambiri. Kusiyana kumeneku ndiko kumabala kupindika ndi ming'alu.

Cinanso cofunika kudziwa ndi cakuti mtengo suleka kumwa ndi kutulutsa cinyezi ngakhale utauma zaka zambiri. Banja lililonse lidziwa citseko cimene cimatupa m'dzinja nkukana kutsekeka, koma m'cilimwe cimasiya mpata wolowera mphepo. Akatswiri a matabwa anapima kuti mpweya ukakhala ndi cinyezi ca magawo 30 pa 100, thabwa limakhazikika pa magawo pafupifupi 6. Ukakhala pa 65, limakhazikika pa 12. Ukafika pa 80, limakwera kufika pa 16. Mpweya wouma wa mu Seputembala ndi Okutobala umatsitsa cinyezi ca thabwa, ndipo wa mu Januwale ndi Febuluwale umacikwezanso. Amisiri a ku America amaumitsa maple m'nyumba zotenthetsa mpaka magawo 6 kapena 8. Ndodo yotere ikafika pa kakhumbi ka pa msika ndi kukomana ndi mvula ya dzinja itatsamira ku cipupa, nayonso imakhota.

Conco colinga si kucotsa madzi onse ai. Colinga ndi cakuti mtengo uzolowere mpweya wa malo amene ndodo idzagwirira nchito, ndipo uonetse khalidwe lake m'dzinja ndi m'cilimwe momwe usanagulitsidwe.

KAUMITSIDWE KAKE

Nthawi yabwino yoyamba ndi ya cisanu, mvula itatha, m'miyezi ya Meyi, Juni ndi Julayi, pamene dzuwa silili laukali. Mtengo wauwisi wocekedwa mu Okutobala umauma kunja msanga pamene m'kati muli monyowa. Kunja kumafuna kufota, m'kati nkumakana, ndipo zotsatira zake ndi ming'alu kapena kukokana kobisika kumene kumadzaonekera pa tsiku lopala.

Zidutswa zicekedwe za mbali zinai zofanana, mamilimita 38 mbali iliyonse. Za ndodo yathunthu zikhale masentimita 155 m'litali, ndipo za cigawo ca kutsogolo cokha masentimita 80. Utali wapaderawo ndi wodzadula pambuyo pake, pakuti ming'alu imayambira kumapeto. Kwa woyamba kumene zazifupi ndizo zosavuta, popeza masentimita 80 oongoka amapezeka msanga kuposa 155.

Tsiku lomwelo mathero onse awiri atsekedwe ndi phula la njuci losungunula, kandulo, penti ya mafuta kapena guluu wa matabwa. Madzi amatuluka kumathero mofulumira kakhumi kapena kuposa poyerekeza ndi m'mbali, ndipo kutseka kumacititsa kuti cidutswa conse ciume pa liwiro limodzi. Pa cidutswa ciliconse palembedwe ndi pensulo tsiku ndi nambala.

Pambuyo pake zidutswa zisanjidwe pa thandala lokwera masentimita 40 kucokera pansi, kuopa cinyontho ndi ciswe. Pakati pa mzere ndi mzere paikidwe timitengo touma tonenepa masentimita 2, totalikirana masentimita 40, ndipo kalikonse kakhale pamwamba penipeni pa kanzake ka m'munsi. Pamwamba pa mulu paikidwe pulanga ndi njerwa zopsinja. Malo ake akhale a mthunzi, opita mphepo, osalowa mvula. Denga la udzu liposa la malata, limene limatentha kwambiri masana. Pa dzuwa, pa tsanja la pamwamba pa moto wa m'khichini ndi pafupi ndi ng'anjo ya njerwa ndi malo oononga mtengo. Phulusa lothira m'munsi mwa mizati ndi kusesa kawiri-kawiri zimathandiza kuona njira za ciswe msanga.

Amisiri a matabwa ali ndi lamulo lakale lakuti thabwa la mtengo wolimba lifuna caka cimodzi pa inchi iliyonse ya kunenepa kwake. Zidutswa zazing'ono, popeza mphepo imazifika mbali zonse, zimauma msangako, komabe caka cimodzi ndico cuma ca wophunzira. Umboni weniweni uli pa sikelo. Masabata awiri alionse apime cidutswa ciliconse pa sikelo yaing'ono ya magalamu, yonga ya pa golosale, ndi kulemba m'buku. Kulemera kudzatsika msanga poyamba, kenaka pang'ono-pang'ono. Kukakhala cimodzimodzi katatu motsatizana, mtengowo wagwirizana ndi mpweya wa nyengo imeneyo.

Amene angathe kupeza uvuni wa magetsi angadziwe cinyezi ceniceni. Adule kacidutswa pakati pa thabwa limodzi, akapime, akaike mu uvuni wotentha madigiri 103 mpaka kataleka kupepuka, ndi kukapimanso. Ngati kanali magalamu 112 ndipo tsopano ndi 100, cinyezi cinali magawo 12 pa 100. Ngati kanali 130, mtengowo ukali wauwisi.

KUPALA PANG'ONO-PANG'ONO

Mtengo utauma, ciyeso cacikulu cimafika, pakuti manja amayabwa kuti ndodo ithe lero lomwe. Koma thabwa lililonse lili ndi mbali zokokana zimene zimagwirana mwamtendere. Puleni ikacotsa nyama yambiri nthawi imodzi, mtendere umenewo umatha ndipo cidutswa cimapinda. Kaamba ka ici amisiri odziwa, ngakhale a makina a lathe, amasema ndodo m'magawo, ndi kuipumitsa masabata kapena miyezi pakati pa gawo ndi gawo.

Wopanda makina asataye mtima, pakuti ndodo zambiri zochuka za snooker za ku England zimapalidwa ndi manja. Ulendo woyamba acotse ngodya zinai kuti cidutswa cikhale ndi mbali 8, ndipo acipumitse miyezi iwiri. Waciwiri aonjeze mbali zikhale 16 ndi kuyamba kuondetsa ca kunsonga. Maulendo otsatira azicotsa milimita imodzi kapena awiri basi, mofanana kuzungulira ponse, ndi kupumitsa mwezi wathunthu. Ulendo wotsiriza ukhale wopepuka kwambiri, wa puleni yakuthwa ndi sandipepa.

Popuma cidutswa cipacikidwe coimirira, ndi cingwe comanga pa kamsomali kokhomera pakati pa mathero ake, cilendewere ku phaso popanda kukhudza kanthu. Cisatsamire ku cipupa, pakuti kulemera kwake komwe kumacipinda, ndiponso cipupa cimanyowetsa mbali imodzi.

Asanayambe gawo lina, mmisiri ayese cidutswa ciliconse. Acikunkhunize pa galasi kapena pa thebulo losalala. Nsonga ikamadumphadumpha, capinda. Aciyang'anenso ndi diso limodzi m'litali mwake akucizungulitsa, monga acitira wosema muvi. Kupinda kwakung'ono kwa pa gawo loyamba kungacotsedwe ndi puleni, popeza nyama ikalipo yambiri. Koma cimene capindanso kaciwiri ndi kacitatu caonetsa mtima wake. Kuciongola pa moto kumathandiza masiku ocepa cabe, ndipo mvula ikagwa cimabwerera kumene cinali. Cotere cisanduke mthiko, mwendo wa mpando kapena mpini wa tsache. Kutaya cidutswa pa nthawi imeneyi ndi kuluza pang'ono. Kucigulitsa ndi kuluza dzina.

Ndodo imene yapyola dzinja lathunthu ndi cilimwe cathunthu ili yoongoka ndiyo yoyenera kutsirizidwa. Cigawo ca kutsogolo cisapakidwe vanishi wocindikala, pakuti amamata pa zala za thukuta. Mafuta a linseed opaka pang'ono kangapo, ndi phula la njuci lopukutidwa ndi nsalu, zimatseka timabowo ndi kucedwetsa cinyezi kulowa. Wogula auzidwe kuti usiku ndodo izipacikidwa kapena kugonekedwa pa malo osalala m'nyumba, osati kusiyidwa pa khumbi.

Popeza nchitoyi ndi yocedwa, wophunzira asadalire cidutswa cimodzi. Ayambe ndi 20, podziwa kuti zina zidzakanika, ndipo caka ciliconse aziika mulu watsopano pa thandala. Caka coyamba cokha ndico ca njala. Kuyambira caciwiri amakhala ndi zouma zopala pamene zina zikuuma.

KUMENE MTENGO UCOKERA

Mlombwa ndi mtengo wocedwa kukula. Ukamera, kamtengo kake kamauma kumwamba caka ndi caka kwa zaka zingapo pamene muzu wokha ukukula pansi, ndipo pamapita zaka makumi ambiri kuti thunthu lifike pocekedwa. Kugwetsa mtengo wotere cifukwa ca ndodo ziwiri ndi kulakwira adzukulu.

Lamulo la za nkhalango la 2015 lifuna kuti wodula mitengo ya malonda akhale ndi cilolezo. Wophunzira afunse ku ofesi ya za nkhalango ya pa boma lake, adziwitse a nyakwawa ndi amfumu, ndipo agule kwa oceka amene ali ndi mapepala. Maiko a dziko lapansi naonso anaikapo dzanja. Pa msonkhano wa pangano la CITES wa ku Geneva mu 2019, mukula unaikidwa pa mndandanda wa mitengo yofuna cilolezo potumizidwa kunja, ndipo pa wa ku Panama mu 2022 anaonjezapo mlombwa, mupapa ndi mbawa.

Mwamwai, ndodo sifuna thabwa lalikulu. Zotsala za m'mphepete zimene oceka ndi akalipentala amataya nthawi zambiri zimakwana. Koposa zonse ndi mtengo wakale: mafelemu a zitseko za nyumba zogumulidwa, mitanda ya mabedi, miyendo ya mathebulo othyoka. Mtengo wotere unauma kale ndipo waona madzinja ambiri. Cofunika ndi kuzula misomali yonse, kupewa pamene pali zibowo, ndi kuupumitsabe utacekedwa, pakuti nawo umasuntha ukadulidwa mwatsopano.

George Balabushka, amene anabadwira ku Russia mu 1912 ndi kumwalira ku America mu 1975, anali mmisiri wamba wa matabwa ku New York asanayambe kupanga ndodo, koma mpaka lero ndodo zake zimagulidwa ndi ndalama zambiri. Mnyamata wa ku Chadiza kapena ku Lundazi amene ali ndi puleni, pensulo, buku ndi khumbi la udzu ali nazo zokwanira kuyambira. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Amene adzasanja zidutswa zake m'cisanu cikubweraci, nadzazipima mokhulupirika, adzayamba kupala caka ca mawa, ndipo eni mathebulo a pa msika sadzafunikanso kukwera basi kukafuna ndodo ku tauni.